Mwana wanga akuphunzira Chitchaina, ndipo sindipepesa kwa aliyense

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndi yanga, ndipo ndabwera ndi kamkwiyo. Mundipirire. Ine si mphunzitsi, si wolemba mabuku. Ndine mayi wageni mumsika wa Lilongwe, ndimagulitsa machaja, mahedifoni, matochi ndi timasipika. Sukulu ndinalekera Folomu 4. Koma nkhani ya mwana wanga ndiyankhula ndekha, chifukwa amene akhala akundiyankhulira achuluka.

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 10, ali Sitandade 5, ndipo amaimba mukwaya ya Sande sukulu. Nyimbo akaimva kawiri, kachitatu amaimba yekha, alito yomwe n'kuipeza popanda womuuza. Chaka chatha ndinaoda timasipika tina timene tinabwera ndi nyimbo yoyesera m'kati, ya Chitchaina. Kasitomala aliyense akati ndiyesereni, nyimbo inali yomweyo. Loweruka lina ndinapita naye kukaoda katundu, ndipo ine ndili kalikiliki kuwerenga makatoni, mwana anayamba kuimba kanyimbo kaja chapansipansi. Mayi wa Chitchaina amene amakhala pa kauntala anasiya kulemba, n'kutuluka, n'kufunsa mnyamata wake wantchito kuti mwanayu waphunzira kuti. Mnyamatayo anandiuza kuti, "Mayi, akuti mawu ambiri akuwamva bwinobwino." Mwana sankadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe. Tili mu minibasi anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye ndimati chiyani?" Ndinalibe yankho. Funso limenelo ndi limene linatiyambitsa ulendowu.

Mwezi watha pa chinkhoswe cha mphwanga, alamu anga anamva mwanayu akuwerengera anzake manambala m'Chitchaina. Anandiitanira pambali, koma mawu awo anamveka mpaka kukhitchini. "Alamu, mwanayu mukufuna mumugulitse kwa Atchaina? Chingerezi chomwe sanachigwire, mukumusokonezeranji mutu? Kuimba kuja tinangokusiyani, pano mwawonjezera zina." Amayi ena anaseka. Ine ndinangoti zikomo alamu, chifukwa pa chinkhoswe sayankhirapo. Koma mawu amenewa ndawamvanso kumsika, kutchalitchi ndi kwa anthu ophunzira kuposa ine. Mwina inunso amene mukuwerenga mukuganiza zomwezo. Ndiye tiyeni tikambirane.

Ndiyambe ndi chimene ambiri sitichidziwa za chiyankhulo chathu chomwe. Tanenani mokweza: "Mtengo wa mango wagwa." Tsopano nenani: "Mtengo wa shuga wakwera." Mwamva? Zilembo n'zofanana, koma pakamwa mawu awiriwa satuluka mofanana. Pa mtengo wa mango liwu limakwera pakati, pa mtengo wa shuga limangoyenda pansi. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la wosaona. Palibe anatiphunzitsa zimenezi pa bolodi, tinayamwira. Mzungu akamayankhula Chichewa timaseka, osati chifukwa walakwitsa zilembo, koma chifukwa nyimbo ya mawu yamuphonya. Chichewa chili ndi nyimbo m'kati mwake. Chingerezi sichisiyanitsa mawu mwanjira imeneyi.

Chitchaina chimene amaphunzitsa m'sukulu zawo, chotchedwa Mandarin, chimayendanso ndi nyimbo, kungoti chili ndi makwerero anayi. Loyamba liwu limakhala pamwamba osagwedezeka, ngati sopulano wagwira noti. Lachiwiri limakwera ngati ukufunsa kuti "Eti?" Lachitatu limatsika kaye kenako n'kudzuka. Lachinayi limagwa mwamphamvu ngati ukuthamangitsa galu kuti "Choka!" Liwu lakuti ma, ukalinena mwa njira yoyamba ndi amayi, yachitatu ndi hatchi, yachinayi ndi kukalipira. Chimene chinandipha nacho kuseka ine wamalonda ndi ichi: mǎi, lotsika n'kudzuka, ndi kugula, mài, logwa, ndi kugulitsa. Ukaphonya nyimbo, wagulitsa pamene umafuna kugula.

Ndiye taganizani. Mwana amene anakula akusiyanitsa mtengo ndi mtengo, amenenso khutu lake limagwira noti mukwaya, wafika kale pakhomo pamene anthu a maiko ena amavutika miyezi kuti apapeze. Kumsika timati mpamba. Wina mpamba wake ndi ndalama za bambo ake, wina ndi munda. Mwana wanga mpamba wake ndi khutu. Ine ndikhale mayi wotani kuti ndione mpamba uli poyera n'kuukwirira chifukwa alamu aseka?

Apa ndi pamene ndimakangana ndi aja amati kuimba n'kutaya nthawi. Kwathu kuno mwana akamakhoza masamu timati adzakhala dokotala. Akamaimba timati adzakhala chidakwa. Timavina nyimbo za oimba pa ukwati uliwonse, pa maliro timadalira kwaya kuti itigwire mtima usiku wonse, koma mwana wathu akatsegula pakamwa timamutuma kukatsuka mbale. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo, kutanthauza kuti luso limene uli nalo ndilo lidzakulowetsa pabwalo. Kwaya yamuphunzitsa mwana wanga kumvetsera asanayankhe, kubwereza mzere umodzi kakhumi osanyinyirika, ndi kuimirira pamaso pa anthu osanjenjemera. Zitatu zimenezi ndi zomwenso zimafunika pophunzira chiyankhulo chilichonse. Ndipo mukudziwa? Ife mukwaya timalemba d, r, m, f, s. Atchaina ambiri amalemba nyimbo ndi manambala: 1 ndi do, 2 ndi re, 3 ndi mi, mpaka 7. Mwana atazindikira zimenezi anayamba kuimba nyimbo zawo kuchokera papepala tsiku lomwelo.

Koma ndisakunamizeni kuti kuimba kokha n'kokwanira. M'nyimbo zambiri za Mandarin, makwerero anayi aja amamira, chifukwa mawu amatsatira chuni. Mwana akhoza kuimba bwino nyimbo khumi koma osatha kupempha madzi akumwa. Nyimbo imatsegula chitseko ndi kusunga mawu m'mutu. Kuyankhula kumafuna kuyankhula basi.

Tsopano nkhani yaikulu, yakuti ndikugulitsa mwana. Musaganize kuti ine ndine wokonda Atchaina mwachimbulimbuli. Ndalirapo chifukwa cha iwo. Ndinaodapo katoni ya machaja, theka osagwira ntchito, pobweza n'kungondiloza chikwangwani. Ndaonapo amene ndimaoda kwa iwo akugulitsanso chimodzichimodzi pa mtengo umene andigulitsira ine. Dandaulo limeneli si langa ndekha: mu 2012 amalonda a ku Karonga anadandaula mpaka boma linalamula kuti amalonda akunja azichitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Ndiye mkwiyo wanu ndimaudziwa, ndimagona nawo.

Koma ndifunseni mmene timanenerera mtengo. Iye amalemba nambala pa kalikuleta, ine n'kufufuta n'kulemba yanga. Kenako amatembenukira mnzake, n'kuyankhulana kwa mphindi ziwiri, n'kuseka, ine ndili chilili ngati chitsa. Akunena za katundu wanga, ndalama zanga, mwinanso za ine, ndipo sindikumva kanthu. Iwo ambiri Chichewa cha malonda anachiphunzira. Amadziwa kuti "tsitsani", amadziwa "zadula", amadziwa ngakhale zimene timanong'onezana. Iwo amamva ziwiri, ife imodzi. Ndiye mundiuze, pamenepa wogulitsidwa ndani?

Ngati zakumsika zikuchepa, kumbukirani Njewa. Mu June 2022 BBC inaonetsa kafukufuku wotchedwa Racism for Sale, wa atolankhani Runako Celina ndi Henry Mhango. Ana a ku Njewa, konkuno ku Lilongwe, ankajambulidwa mavidiyo akuimba ndi kukuwa mawu a Chitchaina, mavidiyowo n'kumagulitsidwa pa intaneti ku China. Mu vidiyo ina ana akudumpha mosangalala, akunena mawu odzitukwana okha, akuti iwo ndi zilombo zakuda zopanda nzeru. Munthu amene ankajambula ana m'deralo, Lu Ke, anagwidwa ku Chipata, anabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno. Tonse tinakwiya, ndipo tinayenera kukwiya.

Koma mkwiyo utatha, tinaphunzirapo chiyani? Ana aja anali ndi makutu akuthwa ngati a mwana wanga. Anabwereza mawu achilendo molondola mpaka anthu a kutali anawamva n'kulipira ndalama. Chimene chinasowa n'chimodzi: panalibe mayi, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo woti aime n'kunena kuti, "Iwe, mawu amenewo ndawamva, zimitsa kamera." Sindikuimba mlandu makolo a ku Njewa, ine ndikanakhalapo sindikanamvanso kanthu. Ndikunena kuti kusadziwa sikunateteze mwana ndi mmodzi yemwe. Tsiku lija mu minibasi, mwana wanga atafunsa kuti ndimati chiyani, Njewa ndi imene inandibwerera m'mutu. Ndinalumbira kuti wanga sadzaimbanso mawu amene sakuwadziwa.

Komanso tisamachite ngati China ili kutali. Dziko lathu linasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China kumapeto kwa 2007. Aphungu athu amakangana m'nyumba ya malamulo imene anamanga Atchaina. Mpira timakaonera pa Bingu National Stadium. Ana athu akakhoza bwino timasangalala kuti apita ku MUST ku Thyolo. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, BICC, zonsezi mukudziwa amene anamanga, ndipo zina mwa izo ndi ngongole imene adzabweze ndi ana omwewa. Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi, kaya ndi itel kaya Tecno, tayang'anani kumene inachokera. Katundu wawo tamulandira, ngongole yawo tasainira, koma chiyankhulo chimene amakambirana za ife ndiye tikuti n'chonyansa. Kumeneko si kukonda dziko. Kumeneko ndi kulowa m'bwalo la milandu utatseka makutu.

Nanga tinayamba liti kuopa ziyankhulo? Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, anabwera akuyankhula Fanakalo, ndipo palibe anati agulitsidwa. Anzanga amene amakaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam amalankhula Chiswahili, ndipo ndi amene amabwera ndi mitengo yabwino. A ku Dedza ndi Ntcheu a m'malire amaponyako Chipwitikizi. Ku Kamuzu Academy ana akhala akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki chakale kuyambira 1981, ziyankhulo zoti sungagulire nazo ngakhale tomato, ndipo timati kumeneko ndiye kuphunzira. Chiyankhulo cha anthu opitirira 900 miliyoni chokha ndi chimene chikhale tchimo? Kapena vuto ndi lakuti akuphunzirayo ndi mwana wa mayi wa pa benchi?

Alamu anati ndikumusokoneza mutu. Mwana wa ku Mzuzu amayankhula Chitumbuka kunyumba, Chichewa pa masewera, Chingerezi m'kalasi. Wa ku Mangochi chimodzimodzi ndi Chiyao. Mitu yawo inaphulika? Chingerezi mwana wanga sanachisiye, ndipo sachisiya, chifukwa mayeso ambiri ali m'Chingerezi ndipo ndimaona kope lake tsiku lililonse. Lamulo la m'nyumba mwanga ndi lakuti homuweki iyambe, Chitchaina chibwere pambuyo.

Mantha amodzi okha ndi amene ndimawalemekeza: akuti mwana angataye kwawo. Amene munaonera filimu ya Buddha in Africa ya 2019 mukukumbukira mnyamata wa ku Malawi amene anakulira pamalo osungira ana amasiye kufupi ndi Blantyre, akuphunzira Chitchaina ndi kung fu, n'kudzapezeka ali pakati, kumudzi kukumuitana, kunja nako kukumuitana. Zimenezo zimachitika mwana akalandira chiyankhulo chatsopano m'malo mwa chake. Koma tinene zoona, abale. Chimene chikupha Chichewa m'nyumba zathu lero si Chitchaina. Ndi ife makolo amene timanyadira kuti, "Wangayu Chichewa samva," ngati ndi digiri. Ndi sukulu zimene zimalanga mwana chifukwa wayankhula chiyankhulo cha amayi ake. Mwana wotero akapita kumudzi amangoyang'ana agogo ake ngati mlendo wa boma. Amene mukundinena ine, ena mwa inu ana anu sangathe kuyankha "Mwadzuka bwanji?" Kwanga Chichewa ndi nsanamira. Ndi chimene chinanola khutu lija poyamba. Ndikachizula, ndazula mpamba womwe ndikunenawu.

Ena akuti foni imamasulira, ndiye kuvutikiranji. Ndimaigwiritsa ntchito, imathandiza. Koma foni imamasulira zimene munthu wafuna kuti umve. Zimene akuuza mnzake kumbali, foni ili m'chikwama. Ndipo palibe amene anapalana ubwenzi ndi munthu pomulozetsa foni kukamwa.

Tsopano ndiulule kulakwa kwanga, kuti wina asakubwereze. Mwana atangodziwa manambala ndi mawu ofunsira mtengo, dyera linandigwira. Ndinayamba kumutenga kokaoda Loweruka lililonse, n'kumamukankha kuti, "Tauzani atsitse." Alendo akabwera kunyumba, "Taimba ya Chitchaina ija." Kusukulu anzake anayamba kumutcha Mtchaina, akukoka maso ndi zala. Tsiku lina anaponya kope pansi n'kulira. Anati, "Amayi, poyamba zinali zokoma, pano mwazisandutsa geni." Anakhala milungu itatu osakhudza kope, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti anasiyanso kuimba posamba. M'nyumba munangoti zii. Ndinazindikira kuti ndikuchita zomwe zija ndimadana nazo: kuimiritsa mwana kuti aimbe kuti wamkulu apindule. Ndinamupepesa. Inde, mayi amapepesa mwana. Kwa alamu sindipepesa, koma kwa iye ndinapepesa.

Tinayambiranso mwa njira ina, ndipo ndi imene ndikupatseni. Choyamba, nthawi ndi yochepa: mphindi 20 madzulo, nsima ili pamoto, osapitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, iye ndi mphunzitsi, ine ndine mwana wasukulu. Amaima ngati wotsogolera kwaya, dzanja likujambula makwerero m'mwamba, ine n'kumabwereza. Ndikalakwitsa amaseka mpaka kugwa, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kumamubweretsa mawa. Chachitatu, nyimbo amasankha yekha, koma asanaiimbe timafufuza tanthauzo la mzere uliwonse n'kulilemba m'Chichewa. Kenako amanena mawuwo moyankhula, ndi makwerero ake, asanawaike chuni. Chachinayi, tinayamba ndi pinyin, kalembedwe ka Chitchaina ka zilembo zathu zomwezi, kokhala ndi timizere pamwamba tosonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Zilembo zawo zenizeni timatenga ziwiri kapena zitatu pa sabata, ngati zojambula. Anakonda kwambiri ichi: 木 ndi mtengo, iwiri 林 ndi kankhalango, itatu 森 ndi nkhalango yowirira. Chachisanu, kokaoda amapita akafuna yekha, ndipo akafika amangopereka moni ndi kucheza. Za mitengo ndi zanga ndi kalikuleta yanga mpaka adzakule.

Ndalama zimene zimapita ndi za bandulo basi. Ndimatsitsa maphunziro ndi nyimbo usiku, iye n'kumaonera popanda intaneti, foni ili m'manja mwanga kapena pafupi nane. Akadzakula njira zilipo. M'dziko muno muli Confucius Institute imene imagwira ntchito ndi University of Malawi pophunzitsa Chitchaina. Pali mayeso otchedwa HSK amene amapereka satifiketi yodziwika kunja. Palinso mpikisano wa Chinese Bridge, umene uli ndi gawo loonetsa luso monga kuimba. Kaya adzafika kumeneko, kaya adzasankha zina, ndi zake. Mwina adzakhala womasulira kukhoti tsiku limene Njewa ina idzachitike. Mwina adzapita ku Guangzhou kukaoda yekha popanda womudyera pakati. Mwina adzangokhala woimba amene amamva dziko lina. Zonsezi kwa ine ndi phindu.

Sindikunena kuti mwana aliyense aphunzire Chitchaina. Wanu mwina khutu lake likukokera ku Chifalansa, Chiswahili, kapena Chisena cha agogo ake chimene munachisiya. Chimene ndikukana ndi mtima uja wakuti mwana akaonetsa luso lachilendo, ntchito yathu ndi kuliseka mpaka lizime. M'mera mpoyamba. Mukamumva mwana akung'ung'udza nyimbo imene simukuidziwa, musamuuze kuti akusokosa. Mufunseni kuti ikuti chiyani. Akapanda kudziwa, khalani naye pansi mufufuze limodzi.

Sabata yatha tinapita kokaoda, iye atapempha yekha. Mayi uja anayankhula kanthu kwa mnzake, ndipo tili panja mwana anandikoka chitenje. "Amayi, sindinamve zonse, koma ndamva mawa, ndamvanso zatsopano." Ndinasunga theka la ndalama zanga n'kubwerera m'mawa mwake. Katundu watsopano anali atafikadi, ndipo ndinali woyamba kusankha. Sindinamutume, sindinamukankhe, anangomva.

Alamu, ngati muli m'gulu lino, nkhani ndi imeneyi. Enanu ndikudikirani m'makomenti, koma mubwere ndi mfundo.